Chithunzi Chimene Sichidapachikidwe

Mkazi wa dalaivala adafikanso m'mamawa, nakhala pa benchi ya m'khonde la polisi, pamalo omwe aja adakhala dzulo ndi dzana. Sadalire, sadapemphenso kanthu. Adangokhala phee, juzi ya mwamuna wake ili pamiyendo, maso ali pa chitseko cha ofesi ya Sajeni. Ndipo Sajeni, mayi amene imvi zidamuyambira ali m'ntchito yofufuza milandu, adadutsa pamenepo akuyang'ana nsapato zake.

Amene adamanga dalaivalayo adali iyeyo. Mlandu wake udali wa imfa. Lolemba la sabata yatha galimoto ina idagunda nkhalamba yogulitsa nyuzipepala pa mphambano ya pafupi ndi paki, nithawa osaima. Anthu amene adali pafupi adangomva chiphokoso, ndipo potembenuka adapeza nyuzipepala zili mbwee pamsewu. Umboni wokhawo udali chithunzi. Wojambula wina wa m'pakimo ankajambula kasitomala wake pa nthawi yomweyo, ndipo kuseri kwa phewa la kasitomalayo kudatuluka kaveni kakukhota mwaliwiro. Nambala yake sinkaoneka. Chooneka chidali mtundu basi: kobiriwira.

Kaveni kobiriwira kotere m'dera lonselo kadali kamodzi, konyamula buledi, ndipo bampala yake idali yopindika. Dalaivala wake adalumbira kuti adaipinda kalekale pa chipata, koma padalibe womuikira umboni. Tsopano kudatsala tsiku limodzi kuti akaonekere kukhoti.

"Mlandu uwu unapsa kale, Sajeni," adatero mkulu wa ofesi posuzumira pakhomo masana. "Mukuutakasiranji? Tiyeni anyamata, tikadye."

Anyamata adatuluka akuseka za mpira. Palibe amene adaitana Sajeni, pakuti adasiya kalekale kumuitana. Sajeni adatsala ndi chithunzi chija ndi foni yake, imene inkakhala pa tebulo choyang'ana kumwamba masiku onse. Mwana wake wamkazi, amene adakwatiwa kutali, adalonjeza kuti adzaimba kumapeto kwa sabata, koma sadanene kuti sabata iti.

Masiku onsewa Sajeni ankangoyang'ana kaveni. Tsiku limeneli, kapena chifukwa cha kutopa, maso ake adatsetsereka n'kugwera pa kasitomala uja. Mayi wathupi lake, womwetulira mano onse pamtunda, koma khungu lake lili ngati la munthu amene wagonera m'chipatala. Komatu Sajeni adamuonapo mayiyu maso ndi maso. Adali wowala ngati wongodzola kumene.

Adaika chithunzicho mu envulopu natuluka.

* * *

Kasitomalayo adali telala. Shopu yake idali kachipinda kothinana, nsalu zili lendelende mpaka kudenga, ndipo mwiniwake ankalankhula mapini ali kukamwa.

"Chithunzi chimenecho musandionetsenso, amayi, ndapota nanu. Ndinakupatsani kuti chindichokere m'nyumba. Ine ndimafuna nditumize kwa bambo wina wake, munthu waulemu wake, amene wakhala akufunsa kuti kodi masiku ano ndimaoneka bwanji. Ndiye ndimutumizire bilimankhwe? Azikati mayiyu wadwala chiyani?"

"Tsiku limenelo simunkamva m'thupi?"

"Ine? Ndinasamba, ndinadzola, ndinavala diresi langa latsopano losoka ndekha. Taimani muone."

Adalavulira mapini m'dzanja, nalowa kuseri kwa katani, natulukako ndi diresi. Kolala yake idali yomweyo, mabatani omwewo, lamba yemweyo. Koma diresilo lidali la buluu.

"Limeneli ndi lomwe lili pachithunzipa?" adafunsa Sajeni.

"Nanga ndili nawo awiri? Nsaluyi ndinasankha ndekha, buluu weniweni wa kuthambo. Ine ndayamba kugwira nsalu ndili kamtsikana. Buluu ndi girini ndingasokoneze ine?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Munandifunsa za galimoto, amayi. Za diresi langa anandifunsa ndani?"

Sajeni adagoneka chithunzicho pamwamba pa nsaluyo. Papepalapo, diresi la telala ndi kaveni kaja zidali mtundu umodzi, wobiriwira ngati msipu. Ngati pepala lidanamizira diresi, lidanena zoona pa galimoto?

* * *

Wojambula uja anthu ankamutcha Mwetulirani, chifukwa ndiwo adali mawu ake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Adamupeza pansi pa mtengo m'paki, akupukuta kamera ndi nsonga ya shati.

"A Sajeni! Bwerani ndikujambuleni. Koma inuyo kuti mumwetulire pafunika chilolezo cha khoti."

"Ndikufuna kakhadi ka mu kamera kamene munajambulira Lolemba lija."

"Kakhadi ndi komweka, koma zithunzizo zinapita. Ine ndili ndi kamodzi kokha, mayi. Ndikasindikiza, ndimafufuta, mawa ndiyambirenso. Ndinakuuzani tsiku lija."

"Diresi la telala linali la buluu."

"Eee, musandikumbutse! Anandikalipira ngati ndamubera mwamuna. Komatu si iye yekha. Zonse za tsiku limenelo zinatuluka choncho, makasitomala anga onse ngati adya masamba osaphika. A Diso anati inki yawavuta."

"A Diso ndani?"

"Mdala wa situdiyo ya kuseri kwa positi ofesi. Dzinalo tinawapatsa ndife, chifukwa maso awo aja saphonya. Ndagwira nawo ntchito zaka zambirimbiri, sanandilakwitsirepo mtundu ndi kamodzi komwe. Munthu amene amakubweza kuti dikira, mlomo wa mwanayu wafiira mopitirira! Ndiye tsiku limenelo ndinadabwa."

"Posindikizapo inu munali kuti?"

"Chiimire pambali pawo, ngati masiku onse. Ndinalowa ndi nkhani ya ngoziyo mkamwa, kuti mdala wa nyuzi wagundidwa, wogundayo wathawa. Iwo akutsegula zithunzi pa kompyuta, ine ndikulongolola. Pagalasi zonse zinali bwinobwino, diresi la buluu, anthu ngati anthu. Atafika pa cha telala anaima nthawi yaitali. Ndinawaseka kuti, mdala, mwagwa m'chikondi? Sanaseke. Anangoti ayambe akonza makina, n'kudinadina penapake. Kenako mapepala aja akutuluka obiriwira."

"Galimoto ya kumbuyoyo inu simunaione pagalasipo?"

"Ine ndimayang'ana nkhope, a Sajeni. Zakumbuyo ndi za Mulungu. Anaiona ndi telala mawa lake, ali mkati mondikalipira."

"Mawa lakelo munapitakonso ku situdiyo?"

"Nanga ndikanasindikiza kuti? Lachiwiri masana ndinapita, zinatuluka bwino ngati kale." Adasiya kupukuta kamera, nkhope yake nigwa pang'ono. "Musawavutitse mdala uja, mayi. Chimwalirire akazi awo amangokhala okhaokha ndi makina. Mwana ali naye mmodzi, koma mwana wake ndi wa dzina chabe. Sapondako."

"Mwanayo amagwira ntchito yanji?"

"Kaya. Ndinamva kuti amanyamula katundu wa anthu."

* * *

Situdiyo ya a Diso idali yaukhondo ngati chipinda cha dokotala. Makatani okhuthala adatseka mawindo, ndipo pamwamba pa tebulo pankayaka nyale imodzi yoyera. Pakona padali makina osindikizira, aakulu ngati bokosi la zovala, akung'ung'udza chapansipansi. A Diso adali bambo wowonda, wa magalasi, wovala shati yoyera yomanga mabatani mpaka pakhosi.

Koma chimene chidagwira maso a Sajeni chidali khoma. Chingwe chidadutsa kuchokera pawindo kufika pachitseko, ndipo pa chingwepo padapanidwa zithunzi zambiri. Zonse zidali chithunzi chimodzi: mayi wa mpango wa buluu ndi bulauzi yoyera, kumbuyo kwake maluwa ofiira, akumwetulira ngati akufuna kunena kanthu.

"Ndi mayi a kunyumba," adatero a Diso asadafunsidwe. "Anatisiya."

"Pepani. Koma bwanji chomwechomwecho?"

"Ndicho muyezo wanga, mayi." Mawu awo adali otsika, osankhidwa bwino, a munthu wosazolowera alendo. "Mukuona, galasi la kompyuta limapanga mtundu ndi kuwala, pepala limapanga ndi inki. Ziwirizi sizimvana chilankhulo. Pakati pake pamakhala muyezo umene timauika mu kompyuta, wouza makina kuti buluu uyu wa pagalasi umuthire inki yakuti, yochuluka chonchi. Pepala lililonse lili ndi muyezo wake. Ukasintha pepala, ukasintha inki, ngakhale kunja kukangochita chinyezi, mitundu imasochera. Ndiye m'mawa uliwonse, ndisanagwire cha kasitomala, ndimasindikiza ichi, n'kuchiika pambali pa galasi pansi pa nyale iyi. Zikafanana, ndimalemba tsiku pakona, ndimapachika, ndimatsegula chitseko."

"Simungayezere chithunzi china?"

"Khungu la munthu ndilo lovuta. Thambo likalakwika palibe amadandaula. Ndipo nkhope iyi ndimaidziwa kuposa ina iliyonse. Ikangosintha pang'ono pokha, mtima umandiuza maso asanaone."

Sajeni adagwedeza mutu. Adaganiza za foni ya m'thumba mwake. Aliyense ali ndi chake chimene amachiyang'ana m'mawa.

"Munthu atausintha dala muyezowo," adafunsa ngati wongocheza, "woima pambali angaone pagalasi?"

"Sangaone. Galasi limakhala momwemo. Zimaonekera papepala pokha."

Adayankha msanga, monga mmisiri wonyadira ntchito yake. Atatha kuyankha m'pamene adamva chimene anena. Dzanja lawo lidapita pa magalasi, kuwakonza pomwe adali okhala bwino.

Sajeni adayenda pang'onopang'ono motsata chingwe, akuwerenga timalemba ta pensulo ta m'makona. Lachisanu. Loweruka. Lolemba, tsiku la ngozi. Kenako Lachitatu.

"Cha Lachiwiri chili kuti, bambo?"

"Sindinatsegule Lachiwiri. Ndinadwala mutu."

"Mwetulirani akuti anasindikiza pano Lachiwiri masana."

Makina aja adapitiriza kung'ung'udza.

* * *

Pansi pa tebulo padali dengu la zinyalala. Sajeni adalikoka ndi phazi. Mudali zidutswa za nkhope za anthu osawadziwa, theka la mkwati, khutu la mwana, dzanja logwira satifiketi.

"Zolakwika mumang'amba?"

"Ndimang'amba. Nkhope ya munthu siyenera kutuluka muno yolakwika."

"Zonse mumang'amba?"

Maso a a Diso adathawira ku dilowa ya tebulo, nabwerera msanga. Kudali kuphethira chabe, koma Sajeni adakalambira pa kuphethira kotere.

Sadaitsegule yekha dilowayo. M'malo mwake adakhala pa mpando wa makasitomala, natulutsa chithunzi cha telala, nachiika pansi pa nyale yoyera ija. Kudzera pa chitseko chamkati ankaona kachipinda kamene bamboyo ankagonamo: bedi la munthu mmodzi, mbale imodzi, supuni imodzi. Koma pa tebulo laling'ono padali makapu awiri. Imodzi idali yotsuka. Inayo idali ndi tiyi wouma pansi pake, wa masiku angapo, ndipo idaikidwa payokha ngati chinthu chosayenera kukhudzidwa.

"Bambo," adatero Sajeni mofatsa, "ine ndili ndi munthu m'chitolokosi. Ndinamumanga ndi manja angawa chifukwa cha pepala ili. Mkazi wake amakhala pa benchi pakhomo panga tsiku lonse, atanyamula juzi, poti akuti mwamuna wake sachedwa kumva kuzizira. Sandinyoza, sandipempha. Amangondiyang'ana. Mawa mwamunayo akukalowa m'khoti pa mlandu wakupha."

"Ine sindinanene kuti amangidwe munthu," adatero a Diso. "Ndimati mukafunafuna yobiriwira, simuipeza, zithera pomwepo. Sindinadziwe kuti ilipo ina."

"Inalipo."

Kenako bamboyo adatsegula dilowa, natulutsa kanthu kokulungidwa mu kansalu koyera kopukutira magalasi. Adakafunyulula ndi manja awiri.

Chidali chithunzi cha mayi yemwe uja. Koma mpango wake udali wobiriwira, bulauzi yake yachikasu ngati yakale, ndipo nkhope yake idali yotuwa mobiriwira, yopanda magazi. Sajeni adachiika pambali pa cha telala. Mpango wa malemu, diresi la telala ndi kaveni kaja zidali mtundu umodzi ndendende. Adakweza maso kuyang'ana pa chingwe, pamene mpango womwewo udali wa buluu m'zithunzi zonse.

"Ndinaiwala kubweza muyezo," adatero a Diso. "Mutu sunali pano. Lachiwiri m'mawa ndinamusindikiza monga mwa masiku onse, ndiye anatuluka chonchi. Ndi mmene ankaonekera sabata yake yomaliza kuchipatala." Adasalaza ngodya ya chithunzicho ndi chala. "Kupachika sindikanatha. Ndinapita nacho pa dengu, manja anakana. Ndingamung'ambe bwanji?"

"Kaveniko ndi ka mwana wanu?"

"Zitsulo za padenga pake ndinamugulira ndine, chimodzi n'chokhota. Nditangoona pagalasi ndinadziwa. Mwetulirani ali pambali pangapa, akusimba za munthu wakufa pamsewu. Kufufuta sindikanatha, akanaona. Kudula chithunzi akanaona. Chokhacho chimene sakanaona chinali muyezo."

"Kenako munamuimbira."

"Ndinamuimbira." Apa nkhope ya bamboyo idachita chinthu chimene Sajeni sadachiyembekezere: idawala pang'ono. "Anayankha, mayi. Chiikire maliro a mayi ake, foni yanga sankayankha. Tsiku limenelo anayankha kamodzi n'kamodzi. Anabwera madzulo. Anakhala pa mpando uwo, anamwa tiyi. Anandiitana kuti ababa."

Sajeni adayang'ana kapu ija. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Koma omwewonso adati mlandu suola, ndipo sadanene kuti ziwirizi zikakumana m'nyumba imodzi chigonje n'chiti.

"Chibwerere tsiku limenelo wabweranso?"

"Ayi."

"Waimba?"

A Diso adapukusa mutu.

"Kaveniko kali kuti?"

"Zimenezo musandifunse, mayi. Ndanena zanga. Za mwana wanga musandifunse."

Sajeni adapuma mozama. Sadafune kunena chotsatiracho, koma chidali choona, ndipo dzuwa linkapendeka.

"Ndiye mvetserani mmene zikhalire. Mapepala awiriwa paokha loya aliyense adzati ndi inki imene inavuta. Kuti dalaivala uja atuluke popanda galimoto yeniyeniyo, khoti lidzafuna kuona ndi maso. Tidzanyamula makina anuwa ndi kompyuta. Mudzaima pamaso pa woweruza ndi anthu onse, mudzaika muyezo wa tsiku lija, n'kusindikiza chithunzi cha mayiwa kuti aliyense aone buluu akusanduka wobiriwira. Mwina kamodzi, mwina kangapo, mpaka onse akhutire."

"Chithunzi china sichingachite?"

"Chimene tili nacho cha mbali zonse ziwiri, cholondola ndi cholakwika, ndi chawo chokhachi."

Bamboyo adatembenukira ku chingwe. Adayang'ana nkhope zija imodzi ndi imodzi, kuyambira pawindo mpaka pachitseko, ngati munthu wofunsa nzeru kwa mnzake amene adakhala naye moyo wonse. Kenako adayang'ana ya pa tebulo ija, yobiriwira.

"Ayi," adatero. "Ndinamuchita zimenezi kamodzi. Sindingamuchitenso, pagulu."

Adapisa dzanja m'thumba la shati, natulutsa kiyi wamng'ono, watsopano, nauika pansi pa nyale.

"Shedi ya kuseri. Tinakaphimba ndi lona."

Sajeni adatuluka pa khomo la kumbuyo. Loko adatseguka mosavuta. Atakweza nsonga ya lona adaona zitsulo za padenga, chimodzi chokhota, nyali yakutsogolo yosweka, ndi kachidutswa ka nyuzipepala kokanirira pansi pa bampala. Kaveniko kadali ka buluu weniweni wa kuthambo.

Pobwerera m'situdiyo adapeza a Diso atavala jekete, atazimitsa makina. Popanda kung'ung'udza kuja chipindacho chidakhala ngati chakula.

"Ichi ndiyenera kupita nacho," adatero Sajeni, akuloza chithunzi chobiriwira chija.

Bamboyo adachikulunganso yekha mu kansalu kaja, nachipereka ndi manja awiri.

"Musamupinde," adatero.

* * *

Dzuwa lidali litatsamira pa madenga pamene Sajeni adafika ku polisi. Adapereka a Diso kwa wapakauntala, natuma anyamata awiri kukakoka kaveni ndi ena kukafuna mwini wake. Mkulu wa ofesi adamvetsera zonse pakamwa pali yasa, natenga foni kuimbira woimira boma pa milandu.

M'khonde, mkazi wa dalaivala adali pomwe paja. Anthu onse adali atapita, benchi yonse idali yake. Ataona Sajeni adakumbatira juzi ija, nakonzeka kumuona akudutsa monga mwa masiku onse.

Sajeni sadadutse. Adakhala pa benchipo, pambali pake, envulopu ili pamiyendo, yosapinda.

"Mayi," adatero Sajeni, "ndinalakwitsa mtundu wa galimoto."

Mkaziyo adatembenuka, osamvetsa.

"Juziyo musabwerere nayo. Kunja kwayamba kuzizira. Aivale popita kunyumba."